MANYOWA KAPENA FATALEZA: CIMENE NSHAWA, MPENDADZUWA NDI SOYA ZIFUNA

Mwezi wa October ukafika, dzuwa nkuyamba kutentha malata a nyumba za ku Kanyama, Matero, Chawama ndi George, anthu ambiri a m'makomboni a Lusaka amatembenuzira mtima ku munda. Ena ali ndi kamunda kao ku Lusaka West, ku Chongwe kapena m'njira ya ku Mumbwa, kumene amapita pa Ciweru khasu liri pa phewa. Ena munda wao uli kutali, ku Petauke, ku Katete kapena ku Lundazi, ndipo amaulima ndi ndarama zimene amatumiza kwa makolo ndi abale. Ngakhale amuna a m'migodi ya ku Kitwe ndi Chingola amalandira uthenga womwewo wocokera kumudzi, wakuti mvula yayandikira, atumize ya fataleza.

Pa nyengo imeneyi mkangano wakale umauka m'mabasi ndi pa misika. Wina ati fataleza wa m'sitolo ndiye wapha nthaka, pakuti munda umene wamzolowera subalanso kanthu popanda iye. Mnzace ati manyowa ndi a munthu wosowa ndarama, ndipo sangadzaze nkhokwe. Onse awiri ali ndi mbali ya coonadi, koma mlimi womvera mmodzi yekha wa iwo adzataya ndarama zace kapena nthaka yace. Nkhani ino ifotokoza mlanduwu pa mbeu zitatu zopatsa mafuta, zolimidwa ndi mvula yokha popanda kuthirira. Mbeuzo ndi nshawa, zimene ena amati mtedza, mpendadzuwa ndi soya.

Munthu wa m'tauni asaganize kuti nkhaniyi ndi ya alimi okha. Saladi amene mai wa ku Mtendere amagula pa kantemba m'kabotolo kakang'ono amacokera ku mbeu zonga izi. Njere ya nshawa pafupi-fupi theka lace ndi mafuta. Njere ya mpendadzuwa wabwino iri ndi mafuta magawo ngati 40 pa 100. Soya ali ndi magawo ngati 20 cabe, koma zotsala zace ndizo cakudya ca nkhuku zogulitsidwa pa msika wa Soweto. Mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka, mitengo ya saladi ndi fataleza inakwera pamodzi, cifukwa Ukraine ndi dziko lalikuru logulitsa mafuta a mpendadzuwa, ndipo Russia ndi dziko lalikuru logulitsa fataleza.

CIMENE MBEU IMADYA

Mbeu iri yonse imatenga cakudya cace m'nthaka citasungunuka m'madzi. Zakudya zazikuru ndi zitatu. Naitrojeni amakuza masamba ndi kuwabiriwiritsa. Fosiforasi amalimbitsa mizu ndi kuthandiza njere kukhwima. Potashi amalimbitsa phesi kuti lipirire matenda ndi ludzu. Palinso zina zofunika pang'ono, monga kashiamu ndi salufa, ndipo mbeu za mafuta zimafuna salufa koposa mbeu zina zambiri. Cikasowa cimodzi mwa izi, zinazo sizingacilowe m'malo. Ciri ngati mgolo wokhala ndi ciboo m'mbali: ngakhale munthu athiremo madzi tsiku lonse, madziwo sadzapitirira pa ciboopo.

Makolo analibe masitolo, koma anadziwa kubwezera mphamvu m'nthaka. Munda ukaguga anali kuusiya ugone zaka zambiri, iwo nkukatema chire lina. Abemba anali kutentha nthambi pa citemene kuti phulusa lidyetse mbeu, ndipo Amambwe a ku Mbala anali kukwirira udzu m'milu kuti uwole, njira yochedwa fundikila. Lero anthu acuruka ndipo malo acepa. Munthu wokhala ndi lima imodzi kapena ziwiri m'mphepete mwa Lusaka alibe kwina kosamukira, pakuti lima imodzi ndi gawo limodzi cabe la magawo anai a hekitala. Munda womwewo ulimidwa caka ndi caka, kotero cimene cicoka ndi zokolola ciyenera kubwezedwa ndi dzanja la mwini wace.

NCHITO YA FATALEZA

Fataleza ndi cakudya ca mbeu copangidwa m'fakitale. Mu 1909 katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, anapeza njira yogwira naitrojeni wa mu mpweya, ndipo mu 1913 Carl Bosch anayamba kumpanga wambiri. M'dziko la Zambia fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa ku Kafue mu 1970. Mu 2002 Boma linayamba kuthandiza alimi ang'ono kugula fataleza pa mtengo wotsika, ndipo mu 2009 nchito imeneyi inalandira dzina la FISP.

Manambala olembedwa pa thumba ali ndi tanthauzo. Pa thumba la D Compound pamalembedwa 10-20-10, ndiko kuti m'makilogalamu 50 muli makilogalamu 5 a naitrojeni, 10 a fosifeti ndi 5 a potashi, pamodzi ndi salufa pang'ono. Pa thumba la Urea pamalembedwa 46, ndiko kuti muli makilogalamu 23 a naitrojeni, ndipo mulibe cakudya cina. Ubwino wa fataleza uli pamenepa: muyeso wace ndi wodziwika, amasungunuka msanga, ndipo munthu mmodzi angathe kunyamula pa njinga cakudya cokwanira munda wonse.

Koma fataleza ali ndi zolephera zitatu. Coyamba, sawonjezera thupi la nthaka; munda wolimidwa ndi iye yekha, mapesi nkumatenthedwa caka ndi caka, umauma gwa m'cirimwe ndipo mvula ikagwa madzi amangothamanga pamwamba. Caciwiri, Urea ndi afataleza ena a naitrojeni amawawasitsa nthaka pang'ono pang'ono. Ku Copperbelt ndi kumpoto, kumene mvula imaposa mamilimita 1,000 pa caka, nthaka ndi yowawasa kale, ndipo m'nthaka yotere mizu imapinimbira ndi fosiforasi amamangika kotero kuti mbeu singamtenge. Mlimi poona izi amati fataleza wa masiku ano wacepa mphamvu, nawonjezera thumba lina, pamene cosowa ndi laimu. Cacitatu, fataleza amadalira mvula. Urea wothiridwa pamwamba pa dothi, dzuwa nkumuomba masiku angapo, mphamvu yace ina imauluka; ndipo cimvula cikatsatira, yotsalayo imakokoloka kapena kulowa pansi kupitirira mizu.

NCHITO YA MANYOWA

Manyowa ndi ndowe za ng'ombe ndi mbuzi, zitosi za nkhuku, ndi masamba, udzu ndi mapesi zimene zawola. Wowayamikira ayenera kubvomereza poyamba kuti cakudya ciri m'manyowa ndi cocepa. Manyowa a m'khola la ng'ombe amene akhala pa dzuwa ndi pa mvula kawiri-kawiri amakhala ndi naitrojeni gawo limodzi cabe pa 100. Tsono kuti alingane ndi thumba limodzi la Urea pafunika makilogalamu 2,300, ndiwo matumba 46, ndiponso mphamvu yaoyo simaturuka yonse caka coyamba. Zitosi za nkhuku ziri ndi mphamvu yoposa pamenepa kawiri kapena katatu, komabe katundu wace ndi wa ngolo.

Mphatso yeni-yeni ya manyowa iri pena. Akawola m'munda amasanduka dothi lakuda lofewa, limene limamwa madzi ndi kuwasunga monga cinkhupule. M'dothi lotere mumacuruka nyongolotsi ndi tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene timaboola njira za mpweya ndi madzi ndi kumasula cakudya comangika. Dothi lakudali limagwiranso zakudya zina za fataleza kuti zisathawe ndi madzi, ndipo muli salufa, kashiamu ndi tizakudya tina timene m'thumba la Urea mulibe. Mwacidule, fataleza amadyetsa mbeu ya caka cino, pamene manyowa amadyetsa nthaka imene idzabala mbeu za zaka zirinkudza.

UMBONI WA KU MAIKO ENA

Mlandu uwu unayesedwa kale-kale. Mu 1843, ku Rothamsted m'dziko la England, John Bennet Lawes ndi Joseph Henry Gilbert anagawa munda wa tirigu wochedwa Broadbalk m'ndime zazitali. Ndime ina sanathiremo kanthu, ina anathiramo fataleza, ina manyowa a m'khola, ndipo mundawo ukali kulimidwa kufikira lero, patapita zaka zoposa 180. Ndime yosathiridwa kanthu imabala ngati tani imodzi pa hekitala. Ndime za fataleza wokwanira ndi za manyowa zinabala zoculuka kwambiri, ndipo kwa zaka zambiri zokolola zao zinali zofanana. Koma poyesa dothi akatswiri anapeza kuti m'ndime ya manyowa zowola za m'nthaka zinacuruka kuposa kawiri, pamene m'ndime za fataleza zinangosintha pang'ono. Zokolola zazikuru koposa zacokera kumene manyowa ndi fataleza wa naitrojeni anathiridwa pamodzi, mbeu nkumasinthidwa. England ndi dziko lozizira; kuno kotentha zowola za m'nthaka zimatha msanga, motero phunziro la Broadbalk liri lofunika koposa kwa mlimi wa ku Zambia.

Dziko la Sri Lanka linaonetsa ngozi ya mbali inayo. Mu April 2021 boma la kumeneko linaletsa mwadzidzidzi kuitanitsa fataleza wa m'fakitale, niliuza alimi onse kuti alime ndi manyowa. Manyowa okwanira dziko lonse kunalibe, zokolola za mpunga zinagwa kwambiri, ndipo mu November caka comweco lamulolo linayamba kucotsedwa. Kulima popanda fataleza nkotheka, ndipo a Jesuit a pa Kasisi Agricultural Training Centre, kum'mawa kwa Lusaka, akhala akuphunzitsa njira imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Koma ndi luso lofuna ziweto, kusintha mbeu, kuunjika manyowa ndi zaka zingapo za kupirira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

MBEU ZITATU, NJALA ZITATU

Colakwa cacikuru ca anthu otumiza ndarama kumudzi ndico kuganiza kuti mbeu zonse zimadya monga cimanga. Nshawa ndi soya ndi mbeu za mtundu wa nyemba. Munthu akazula cimodzi naona mizu yace adzapeza timibulu tating'ono, ndipo akatiswa ndi cikhadabo nkupeza m'kati muli mofiirira, adziwe kuti muli tizirombo tabwino timene tirikugwira naitrojeni wa mu mpweya ndi kudyetsa mbeuyo kwaulere. Kuthira Urea pa nshawa ndiko kugulira munthu cinthu cimene ali naco kale: masamba adzacuruka, timibulu tidzacita ulesi, ndipo ndarama zidzapita pacabe.

Cimene nshawa zifuna ndi dothi lofewa, fosiforasi ndi kashiamu. Duwa la nshawa likafota limaturutsa kaphesi kolasa pansi, ndipo khoko limakulira m'dothi, nilimwa kashiamu wace pomwepo, osati kudzera m'mizu. Dothi likakhala lowawasa kapena louma pa nthawi imeneyo, mlimi amakolola makoko opanda njere. Mankhwala ace ndi laimu wothiridwa mvula isanayambe, kapena jipisamu wothiridwa pa nthawi ya maluwa. Nshawa zimakondwa m'munda umene caka catha munali cimanga codyetsedwa bwino, cifukwa zimatola zotsala zace. Mitundu yonga Chalimbana, ndi MGV 4 ndi MGV 5 yocokera pa Msekera ku Chipata, iyenera kubzalidwa ndi mvula yoyamba yokwanira, ndiponso mothithikana, kuti nsabwe zofalitsa matenda opinimbiritsa nshawa zisapeze mpata.

Soya ali ndi khalidwe lina. Mitundu yambiri ya soya imafuna tizirombo tace-tace timene m'nthaka yatsopano mulibe, kotero mbeu yace imasakanizidwa ndi ufa wakuda wochedwa inoculant pa tsiku lobzala, pa mthunzi, cifukwa dzuwa limapha tizirombo timeneti. Paketi ya ufawu mtengo wace ndi wocepa kutali poyerekeza ndi thumba la Urea. Soya amafunanso fosiforasi, ndipo amadana ndi nthaka yowawasa. D Compound pang'ono pobzala, ndi laimu kumene afunika, ndizo zimamthandiza. Nthawi yace yobzala ndi pakati pa December.

Mpendadzuwa alibe timibulu pa mizu, motero iye ndiye afuna naitrojeni wocokera kwina. Anthu ambiri amambzala m'munda woguga popanda kanthu, cifukwa muzu wace wautali umapeza madzi akuya ndipo angabzalidwe mocedwa, kumapeto kwa December kapena kumayambiriro kwa January. Amabala ndithu, koma timitu tating'ono, ndipo amasiya munda uli wotopa koposa. Pa mbeu zitatuzi mpendadzuwa ndiye amabweza msanga manyowa ndi fataleza wobereka. Komabe naitrojeni akapitirira muyeso phesi limatalika nkugwa ndi mphepo, ndipo mafuta a m'njere amacepa.

MVULA NDIYE MWINI MUNDA

Lusaka imalandira mvula ngati mamilimita 800 pa caka, pafupi-fupi yonse kuyambira November kufikira March. Cimene cimapha mbeu kawiri-kawiri ndi ng'amba ya pakati pa dzinja, pamene mbeu ziri ndi maluwa. Mu 2024 mvula inaleka masabata ambiri m'miyezi ya January ndi February, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, pakuti mahekitala ngati 1 miliyoni a cimanga pa 2.2 miliyoni obzalidwa anali ataonongeka. Ambiri amene anakongola ndarama za fataleza anatsala ndi ngongole yokha.

Palibe manyowa amene angapulumutse mbeu pa cilala cotere. Koma ng'amba ya masiku owerengeka imadza zaka zambiri, ndipo pamenepo kusiyana kumaoneka: munda wa dothi lakuda lophimbidwa ndi mapesi umasunga cinyontho pamene munda wa mnzace wafota. Pa nshawa pali cifukwa cinanso. Nshawa zobvutika ndi ludzu pokhwima zimagwidwa msanga ndi cuku cobala ululu wochedwa aflatoxin, umene umaononga ciwindi ca munthu ndi kukanitsa nshawa pa misika ya kunja.

Cifukwa ca ici bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba mu 1996, linaphunzitsa alimi kukumba timaenje m'cirimwe ndi kuika manyowa, laimu ndi fataleza m'dzenje momwemo, osamwaza munda wonse. Njira imeneyi imathandiza munthu wa manyowa ocepa, pakuti zitini ziwiri za manyowa m'dzenje zimafika pa mizu yeni-yeni, ndipo madzi a mvula yoyamba amasonkhana pamenepo. Linalimbikitsanso kubzala mtengo wa msangu, umene umagwetsa masamba ace m'dzinja nudyetsa mbeu za pansi pace popanda kuzichinga dzuwa.

MANYOWA ALI PA KHOMO

Munthu wa m'komboni anganene kuti alibe ng'ombe. Koma gawo lalikuru la zinyalala zimene zimatseka ngalande za ku Kanyama ndi Chawama, kapena kutengedwa kupita ku dzala la Chunga, ndi zinthu zowola: makoko a mbatata ndi nthoci, masamba a repu ndi kabichi, zitsononkho, ndi utuci wa m'makola a nkhuku zoweta kuseri kwa nyumba. Zonsezi ndi manyowa osapsa.

Kapangidwe kace nkosabvuta. Pa malo a mthunzi, okwera kuti madzi asadikhepo, munthu ayale zouma pansi, monga udzu ndi mapesi odula-dula; pamwamba pace aike zaziwisi, kenaka zitosi kapena ndowe, nawaze phulusa ndi dothi pang'ono, nathire madzi kuti zinyowe koma zisacite matope. Abwereze motero kufikira mulu ufike m'ciuno, naubvundikire ndi udzu kapena masaka. Patapita masiku ocepa m'kati mudzatentha, ndipo kutenthako kumapha njere za udzu ndi matenda ambiri. Mulu utembenuzidwe patapita masabata awiri kapena atatu ali onse. M'miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa: ndi akuda, ozizira, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Zitosi zaziwisi zikaikidwa pa mbeu zimaiocha, cifukwa cace ziyenera kuyamba zapsa.

Pali macenjezo atatu. Mapulasitiki, magalasi ndi mabatire zisalowe mu mulu. Zonyansa za m'cimbudzi zisayandikire konse: pansi pa Lusaka pali mwala wa laimu wa ming'alu, madzi ali pafupi, ndipo kolera ya 2017 ndi 2018, ndi ya 2023 ndi 2024 imene inasandutsa bwalo la Heroes cipatala, inaonetsa mmene uve umayendera m'madzi a m'makomboni. Ndipo anthu a ku migodi asatenge dothi kapena udzu pafupi ndi milu ya zotaya za mgodi. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtobvu wa ululu ukali m'dothi la midzi yozungulira.

KAGAWIDWE KA NDARAMA

Tsono munthu wa ku Matero kapena wa ku Mufulira wokhala ndi ndarama za matumba awiri kapena atatu acite bwanji? Coyamba afunse mlangizi wa malimidwe wa dera limene kuli munda, ndipo ngati nkutheka atumize dothi likayesedwe pa Mount Makulu ku Chilanga, kuti adziwe ngati pafunika laimu. Minda ina ya pafupi ndi Lusaka, yokhala pa mwala wa laimu, simfuna konse. Caciwiri agawe munda m'zigawo ndi kusintha mbeu caka ndi caka: pamene panali cimanga pabwere nshawa kapena soya, ndipo pamene panali nshawa kapena soya pabwere cimanga kapena mpendadzuwa, kuti mbeu iri yonse idye zimene inzace yasiya. Cacitatu, Urea apite ku cimanga ndi mpendadzuwa, athiridwe dothi liri lonyowa ndi kukwiriridwa. Soya alandire inoculant ndi D Compound pang'ono. Nshawa zilandire mbeu yabwino ndi kashiamu. Cacinai, manyowa onse opezeka alowe m'timaenje mvula isanagwe, ndipo mapesi ndi masangwi zisatenthedwe.

Mutu umodzi susenza denga. Fataleza wothiridwa m'nthaka yokhala ndi manyowa amabweza zambiri pa kilogalamu iri yonse kuposa wothiridwa pa dothi louma gwa, ndipo manyowa othandizidwa ndi fataleza pang'ono amabala mapesi ambiri odzabwezera m'munda caka camawa. Phindu la fataleza limaoneka pa masika oyamba, koma la manyowa limayamba kuoneka bwino caka caciwiri ndi cacitatu. Cifukwa cace wotumiza ndarama kumudzi mwezi uno afunsenso ngati manyowa a m'khola atutidwa kupita ku munda, ndipo ngati sanatutidwe, gawo la ndaramazo lilipire ngolo.